Zala Zitatu

Marichi akafika kuno kumapiri a Lousã
tchire limatiyandikira usiku,
minga ikukwawa pansi pa khoma la miyala
ngati yamva kale kuti Ogasiti adzabwera ndi moto.
Ndiye timalitchetcha lisanaume.

Chaka chino makina ndi anga.
Bambo anga, Anselmo, akhala pakhoma,
chipewa pabondo,
dzanja lamanja lili ndi zala zitatu.
Salankhula zambiri. Amangoloza.

Usanakoke chingwe, yenda kaye, amatero.
Ndiye ndayenda munda wonse ndi miyendo,
kutola zimene udzu unabisa:
botolo la alenje, mwala wonga chibakera,
chidendene cha nsapato ya munthu amene sitimudziwa.
Pachitsa cha mzitona ndazika kandodo,
ndamangapo nsanza yofiira.
Mpeni susankha.
Chimene wakhudza umachiponya
osafunsa kuti uko kwaima ndani.

Galu ndamutsekera mosungira nkhuni, akulira ngati ndamugulitsa.
Telmo, mwana wa aneba, ndamubweza kwawo
ndi lalanje m'thumba.

Petulo ndathira injini ili yozizira,
panja, kutali ndi fodya wa bambo.
Oyilo alipo, sanade.
Fyuluta ndaigogoda pamwala,
fumbi la chaka chatha latuluka likutsokomola.
Bawuti wa mpeni ndamuyesa ndi sipanala, kawiri,
chifukwa kamodzi ndi ka anthu ofulumira.

Jombo. Magolovesi. Magalasi.
Zotseka m'makutu,
ndipo dziko lati zii ngati ndamira m'chitsime.

Tadikira mame aume.
Potsetsereka sindikwera molunjika, sinditsika molunjika,
ndimadula chopingasa, mzere ndi mzere,
phazi lililonse likudziwa pomwe likuponda.
Makina amafuna kuthamanga, ine sindiwalola.
Mikono ikunjenjemera mpaka m'mano.
Fungo la udzu wodulidwa, utsi, thukuta m'maso.

Mzere wachisanu ndi chiwiri, chinachake chakola.
Waya wa mpanda wakale, amene sindinamuone.
Injini yatsamwa.
Ndipo dzanja langa, lokha, osandifunsa,
layamba kale ulendo wopita pansi.

Bambo aimirira pakhoma.
Sakufuula, akudziwa kuti sindingamve.
Angokweza dzanja lija m'mwamba,
dzuwa likudutsa pomwe panali zala ziwiri.

Ndabweza langa.
Ndazimitsa. Ndadikira mpeni ugone ndithu.
Ndazula waya wa pulagi, ndamuika patali,
kuti chitsulo chisadzuke ndikadali m'kamwa mwake.
Kenako ndi pulayala, pang'onopang'ono,
ndamasula mpanda wa agogo pa mpeni wa bambo.

Anandiuzapo kamodzi kokha, ndili wamng'ono.
Linali Loweruka, mvula ikubwera, anafuna kumaliza.
Kutsamwa si kufa, anatero,
ndipo anapitiriza kusenda mbatata
ndi mpeni wopanidwa mwa njira yawoyawo.

Madzulo makina azizira.
Ndapala udzu womatirira kunsi ndi kathabwa,
ndanola mpeni ndi tupa,
mbali iyi kakhumi, mbali inayo kakhumi,
kuti usadzagwedezeke mawa.
Lamba ali ndi kamng'alu kakang'ono.
Ndalemba pakhoma la garaja ndi choko: Lolemba, lamba.

Pakona ya munda ndasiya kachigamba ka tchire,
kutali ndi nyumba, kosaposa tebulo.
M'mawa ndinaonamo kanungu atadzipinda.
Bambo akayang'ana kachigambako nthawi yaitali,
kenako ayang'ana manja anga
pamene ndikuvula magolovesi.

Milomo yawo ikuyenda.
Akuwerenga.