Chopanira Chopanda Mano

Azakhali a Nives atatsikira kulichete
tinagawana katundu wa m'nyumba yawo ku Trieste.
Mlongo wanga anatenga makina osokera,
msuweni ananyamula wotchi yapakhoma.
Ine wobwera mochedwa anandisiyira dirowa imodzi:
mabatani, makandulo otsala theka, malisiti a magetsi,
ndipo pansi penipeni, m'sokosi yaubweya,
chitsulo.

Ukachiona msanga ungati ndi pulayala.
Miyendo iwiri yaitali, yokhota ngati ya nkhalamba,
pamene dzanja linkagwira posalala, pena ponse dzimbiri.
Koma kukamwa kwake mulibe mano.
Muli timitu tiwiri tobulungira ngati ndalama zachitsulo,
timakumana, phaa, n'kusiya kampata
kongokwana chikhadabo.

Ndinayamba ndi Stelio wosoka nsapato.
Anachitembenuza, kuchinunkhiza, kuchipanitsa pachikopa.
Ichi sichikoka, anatero, chimangopsompsona.
Ondina wa kumsika wa nsomba anaswera nacho chala cha nkhanu,
nachibweza chikununkha nyanja.
Dokotala wanga wa mano anaseka mpaka kuvula magalasi.
Wogulitsa zakale kuseri kwa tchalitchi
anati n'chachabechabe,
kenako anandilondola mpaka pakhomo ndi ndalama m'manja.
Apo ndinadziwa kuti chili ndi dzina.

Tsiku limene mphepo ya bora inkagwetsa njinga zamoto m'misewu
ndinathawira m'kanyumba komwera khofi kufupi ndi doko lakale.
Chitsulo chinali pathebulo, pambali pa kapu.
Mkulu wina, a Ladi, zala ngati mizu ya mtengo,
anasiya nyuzipepala.
Sanafunse.
Anabudula mkati mwa buledi, kuumba kampira,
kuika pakati pa timitu tija,
n'kufinya.

Pabuledi panatuluka nangula.
Kuseri kwake nambala, 14, ndi zilembo ziwiri
zimene dzimbiri linandibisira masabata atatu.

N'chodindira mtovu, anatero.
Thumba la khofi likatsika m'sitima
ankalimanga pakamwa ndi chingwe,
kulowetsa chingwecho m'kamtovu,
wa kasitomu n'kubwera ndi ichi: phaa!
Kuyambira pamenepo thumba ndi la boma,
wolimasula wadziitanira unyolo.
Agogo ako anali a kasitomu?

Ayi, ndinatero. Agogo a Egone ankasenza matumba pamsana.

A Ladi anandiyang'ana nthawi yaitali.
Kenako anadya buledi uja, nangula ndi nambala yomwe.

Ndikukwera chitunda chopita kwathu, mphepo ikundikankha,
ndinakumbuka zimene azakhali ankakonda kunena:
zaka zija anthu akukazinga balere kuti anamize lilime,
m'nyumba mwathu mokha munkanunkhira khofi weniweni.
Ankati kunali kapitawo wachifundo.
Ankati agogo sanatolepo ngakhale singano ya mwini.
Ankatero akusoka, maso pansalu,
bondo litatsamira dirowa yomweyi.

Tsono ndikuwaona agogo usiku m'nyumba yosungira katundu,
akudula chingwe, kutapa manja awiri, osapitirira,
kuthira m'matumba a jekete,
kumanganso, kamtovu katsopano,
phaa,
boma n'kugona tulo tofa nato
chidindo chake chili chilili.
Anachitenga kuti? Anachiba? Anachigula ndi vinyo?
Kapena wa nambala 14 ankalandirako dzanja limodzi?
Chitsulo chilibe mano, chilibenso lilime.

Mlongo wanga anaimba foni kufunsa ngati ndapeza ntchito yake.
Ndinati n'choswera mtedza.

Chili pashelefu tsopano, pafupi ndi chitini cha khofi.
M'mawa mwina ndimachitsitsa,
ndimadinda nangula pabuledi wanga,
ndimadya umboni.