Makina Nambala Naini

Zaka khumi ndi zinayi ndinaluka mabulangeti ku Southerton
mpaka makutu anga anasiya kumva mvula padenga.
Pa Meyi Dei basi inkatitutira ku Rufaro,
nkhonya m'mwamba, aliyense komuredi,
ngakhale foromani Mudyiwa wodula malipiro uja,
ngakhale ife matchona a ku Ntcheu
amene Chishona chinkatipunthwitsa lilime.
Buledi anali mtengo umodzi Mbare mpaka Mabvuku.
Mzere unali wautali, inde, koma unkayenda.

Kenaka wailesi inaphunzira liwu latsopano: Esapu.
Akuti mangani malamba.
Wanga ndinauboola ndi msomali, kawiri.

Kalata inabwera Lachisanu, mu envulopu yakhaki,
dzina langa atalilemba molakwa.
Lolemba ndinadzukabe folo koloko,
ndinavala ovolosi, ndinakhala pabedi
kumvera nsapato za ena.

Lero ndili pa Mupedzanhamo.
Eni chinenero akuti ndiye kuti wothetsa mavuto.
Ndimang'amba belo ndi mpeni
nkutuluka fungo la makabati a anthu osawadziwa,
majekete a akufa a kutsidya kwa nyanja,
mabulangeti opepuka ngati bodza.
Chimene chinanditsekera geti
ndi chimene ndikuchikuwira: bwerani, zatchipa!
Lufeyo wanga anasiyira Fomu Fili, fizi itakula msinkhu kumposa;
amalendewera pakhomo la kombi, mawu atasasa.
Mudyiwa anadutsa pa galimoto ya magalasi akuda.
Komuredi, ndinatero. Galasi silinatsike.

Dzana kunabwera mayi wina wa ku Mufakose,
khanda likutsokomola kumbuyo,
chipatala chikufuna ndalama pakhomo.
Anatambasula bulangeti lotuwa la mizere yofiira.
Ndinaliona m'mphepete:
ulusi wodumpha pakatha chikhatho chilichonse.
Makina nambala naini. Anga.
Palibe mekaniki anawachiritsa chilema chimenecho.

Anati madola makumi atatu.
Ndinati khumi ndi asanu,
pakamwa pakuyenda pokha ngati shatulo.
Ndinamuonetsa chilemacho ndi chala,
nkuti taonani mayi, ntchito yosalongosoka iyi.
Analandira khumi ndi asanu ndi atatu.

Sindinaliike pamulu.
Juni wa ku Harare saseka ndi munthu;
usiku ndinalifunda mpaka kumutu.
Likadali lolemera, likadali lofunda,
likununkha mkaka wa mwana wa eni.