Nambala 14

Lolemba lililonse ndimatsekula kabati yagalasi
ndi kiyi wadzimbiri wa pa lamba wanga,
n'kumupukuta fumbi ndi nthenga ya nkhanga,
kuyambira pachipumi, kutsika nthiti imodziimodzi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndili pantchitoyi
m'labotale ya sekondale ino ya ku Nkhotakota,
koma moni wokweza mawu sindinamupatsebe.

Kapepala kachikasu kali pa chala chake chaphazi:
Nambala 14. Chimpanzi. Chachikazi. Kongo.
Pansi pake dzina la amene anawomba mfuti,
lolembedwa mwaluso, inki yosafufutika.
La mwini mafupa palibe.

Fupa la mkono wamanzere lili ndi mfundo
pomwe linathyoka n'kulumikizananso.
A Kamtedza amaloza ndi rula:
onani ana inu, fupa limadzipoletsa lokha.
Ine ndimawerenga miyezi imene sankakwera mtengo.
Ndani ankamudikira gulu likamasamuka?
Ndani ankamugwetsera nkhuyu?

Chaka china Asiyatu wa Fomu 3
anagunditsa chikhatho pagalasi, moyang'anana ndi chake,
nawerenga: zisanu kuno, zisanu uko.
Ndiye anandifunsa, "Bambo, maliro ake anachitika liti?"
Anzake anafa nacho chiseko.
Ine ndinanamizira kutsuka mabotolo otsuka kale.

Kwathu ku Linga munthu akatisiya m'mawa
dzuwa lisanalowe amakhala atagona,
nkhope italoza koyenera.
Uyu zaka makumi asanu ndi anayi ali chiimire,
mawaya m'malo mwa mitsempha,
mabowo a maso ali pa bolodi.

Koma ndisabise:
Asiyatu yemweyo anakhoza sayansi ndi nthiti zomwezi.
Lero amamanga mikono yothyoka kuchipatala cha boma,
wa mayi anga anamanga ndi iyeyo,
ndipo mayi abwereranso ku mpunga wawo.
Ngongole imeneyi ndikabweze kwa yani?

Dzana kwabwera kalata ya chidindo.
A kosungira zinthu zakale akumufuna kumzinda,
kuli chipinda chozizira, kuli makina,
akasema kachidutswa ka dzino kuti adziwe zomwe ankadya.
Akuti ndimulongedze m'katoni,
fupa lililonse m'nyuzipepala yakeyake.

Nyuzipepala ayi.
Ndagula mamita awiri a nsalu yoyera pamsika,
ndalama zanga, ahedi sakudziwa.
Ashehe atamva anganene kuti si munthu ameneyo.
Ndikudziwa kuti si munthu.
Nanga bwanji pulayala ikunjenjemera
pomasula waya wa pachala chachikulu?

Ndayamba ndi dzanja, ndimalizira mutu.
Kunja ana akusesa masamba a mango,
wina akuimba belu lachitsulo cha galimoto.
Kapepala kaja ndakatembenuza,
kuseri kwake n'koyera, malo alipo ambiri.
Pensulo ili m'manja chiyambire nthawi ya buleki,
koma sindikudziwa
kuti amake ankamuitana bwanji.