Nyemba za ku Caborca

Bambo anga Crisóforo sadzala mu Epulo.
Amati wodzala mu Epulo akudyetsa dzuwa.
Amadikira Julaye, mitambo ikaunjikana
kuseri kwa mapiri ngati ngongole,
fumbi n'kuyamba kununkhira mvula isanagwe.

Kadimba kawo n'kakang'ono, mapazi khumi ndi awiri,
pakati pa khoma la njerwa ndi galimoto yakufa
imene nkhuku zimaikiramo mazira.
Saunda mizere. Amakumba timaenje
kuti dontho likagwa likhale pansi, lisathawe.

Chaka chatha ndinawagulira mbewu ya m'sitolo,
paketi yonyezimira, chithunzi cha nyemba zonenepa.
Zinamera msanga, zinayanga mwamatama,
kenaka masana ena a Ogasiti
maluwa onse anangoti yoyoyo, ngati phulusa la pepala.
Bambo sananene kanthu. Anangotsegula chitini cha khofi
momwe amasungira nyemba za tépari,
zing'onozing'ono, zoyera ngati mano a khanda,
zimene anawapatsa Eufemia wa ku Pitiquito
atamukonzera pampu.

Nyemba zimenezi sizipempha zambiri.
Dzuwa likafika paliwombo zimapendeketsa masamba
ngati munthu wodutsa pakhomo lopapatiza,
kuti moto ungozinyambita m'mphepete.
Ukazithirira mopyola zimachita ulesi,
masamba thoo, makoko awiri okha.
"Uzizimana pang'ono," amatero bambo,
"zikumbukire chimene zinadzera."

Kumpopi madzi amabwera akafuna.
Ena onse ndi otsukira mpunga
ndi aja amadontha kuseri kwa makina oziziritsa chipinda,
tho, tho, m'chidebe cha penti,
usiku wonse ngati wotchi.

Tsopano mawondo awo akana.
Amakhala pampando pansi pa mtengo wa mesquite
n'kumaloza ndi ndodo:
apo wazamitsa, apo wathirira masana,
ukuphika mizu iwe, Nicanora.
Ine ndimang'ung'udza chamumtima,
thukuta likuwawa m'maso ngati tsabola.

Koma mu Okutobala makoko akauma
amathetheka okha, the! the!
n'kumwaza mbewu m'fumbi.
Ndimagwada, kutola imodziimodzi,
iwo atatchera chipewa pamiyendo,
akuuzira mungu, akutaya timiyala,
milomo ikuyenda ngati akupemphera
pamene akungowerenga.

Ndafukiza kale moto, madzi akuwira,
anyezi ndadula.
Iwo sakupupuluma.
Chikho choyamba sichipita mumphika.
Chimabwerera m'chitini cha khofi,
ndipo chivindikiro amatseka okha
ndi zala zonjenjemera,
kenaka n'kundipatsa kuti ndikaike pamwamba,
pamene iwo safikaponso.