Mphindi Makumi Anayi ku Oldenburg

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndayendetsa galimoto ya maliro.
Okwera anga sanadandaulepo za mabampu,
sanandiuzepo kuti fulumira, tachedwa.
Phazi langa lamanja linaphunzira ulemu
mpaka linaiwala kuti chopondera moto chimafika pansi.

Lachiwiri, kamvula kakuwaza,
ndinavala jekete lokhalo lomwe si lakuda,
lija Gesine anandigulira pa mtengo wotsitsa,
n'kulowa m'sitolo ya magalasi okhaokha.
Wogulitsa, Wiebke Oltmanns, anajambula laisensi yanga,
anandipatsa khofi m'kakapu kosakwana chala.
Za ndalama sanafunse. Ndinamuthokoza chamumtima.

Galimotoyo tinaipeza ikuyamwa kukhoma,
chingwe chakuda chili m'nthiti.
Anachizula, n'kutseka kachitseko.
Yobiriwira ngati botolo la vinyo, yaitali, yogwada.
Mpando wachikopa unandigwira m'chiuno, n'kuyamba kufunda,
n'kundisisita pamsana
penipeni pomwe mabokosi anandithyola.

Ndinadina batani. Zii.
"Yayaka kale," anatero.
Tinatuluka pa magetsi okha,
kudutsa njinga za ana asukulu, ophika buledi,
tchalitchi cha njerwa chomwe khomo lake lakumbuyo ndimalidziwa kuposa lakutsogolo.
Ndinaseka. Bata ili ndi mnzanga wa kuntchito,
kungoti lero aliyense m'galimoto muno akupuma.

Pamsewu waukulu wa ku Wilhelmshaven
chikwangwani choyera cha mizere yakuda chinatimasula.
"Tembenuzani kabatani kofiirako. Pondani."
Ndinaponda monga ndimapondera.
"Bambo Tammen. Pondani."

Injini ya petulo inadzuka ndi mkwiyo wa wodzutsidwa pakati pa tulo,
inapeza batire ili kale panjira,
mitima iwiri m'chifuwa chimodzi,
ndipo msana wanga unamatirira kumpando.
Manambala anayandama pagalasi:
zana ndi makumi asanu, mazana awiri, kupitirirabe.
Malole a ku Poland anayamba kuyenda chambuyo.
Ng'ombe zamawangamawanga zinasungunuka kukhala mzere umodzi.
Mapiko oyera opukusa magetsi m'minda
okha ndiwo sanatekeseke.
Ndinamva munthu akukuwa ngati mwana pa katungwe.
Wiebke anali chete. Ndinali ine.

Potsika liwiro anandilozera kamuvi kobiriwira:
"Mukamanga mabuleki, mphamvu imabwerera mu batire.
Palibe chotayika."
Ndinagwedeza mutu.
Mawu amenewo abusa amawanena mwanjira zambiri,
ndawamva nditaima kumbuyo, chipewa m'manja,
koma kamuvi sindinakaonepo.

Titapatuka ku Rastede, kutsogolo kwathu,
galimoto yakuda, makatani otuwa, maluwa oyera pazenera.
Yanga. Ndinaidziwa ndi nyali yakumanzere
yomwe imaphethira mochedwa.
Malte, mnyamata amene ndinamusiyira makiyi,
anali kukhota bwino, mosagwedeza womunyamulayo.
Kumbuyo kwake galimoto zitatu zokha.

Injini ya petulo inadzizimitsa yokha.
Tinakhala achinayi.
"Mutha kuwapitirira, msewu ndi woyera,"
anatero Wiebke, maso pa wotchi.
Mahatchi mazana asanu ndi limodzi anali pansi pa phazi langa
ndipo onse anayenda chonyang'ama
mpaka pachipata cha manda.
Sindinamudziwe womwalirayo. Atatu ndi ochepa, basi.

Tinabwerera titachedwa ndi mphindi khumi ndi imodzi.
Anailumikizanso kukhoma kuti iyamwe,
n'kundilembera mtengo kuseri kwa kakhadi:
nyumba yathu, kuchotsapo khitchini.
Ndinati ndikaganiza. Anati palibe changu.
Tonse tinanama mwaulemu.

Ndinakwera basi. Phazi linali kunjenjemerabe.
Madzulo Gesine akusenda mbatatesi anafunsa komwe ndinali,
n'kundiyang'ana nthawi yaitali, mpeni m'mwamba.
"Tsitsi lako laima," anatero,
"ndipo jekete walivala popanda kukukakamiza."