Ulimbo wa M'masamba a Zumbani

Magetsi abwera cha m'ma leveni usiku,
ndiye ndatsala ndekha mu labotale ku Mount Pleasant,
ine ndi mtolo wa zumbani
womwe ndinagula ku Mbare kwa mayi wa mpata m'mano.
Anandiikira basela, nati, "Ngwa chimfine uwu, mwanangu,
usauwononge ndi zasukulu zakozo."

Ndauwononga, mayi.
Ndausinja, ndauwiritsa mu asidi wofatsa
mpaka fungo lake kudzaza khonde lonse.
Ndasefa. Ndathira etanolo wozizira,
ndipo m'madzi oderawo mwabadwa kamtambo,
konanda ngati therere,
kolendewera pa kandodo kagalasi.
Pekitini. Magalamu awiri, osakwananso.

Dokotala Muchenje akufuna chithunzi chake pofika Lachisanu.
Makina alemba timapiri papepala,
ine n'kumalondola ngati mapazi a nkhwali pafumbi:
apa ndiye msana, unyolo wautali,
asidi wa galakituloniki kugwira mnzake padzanja,
kaboni woyamba kwa wachinayi,
woyamba kwa wachinayi,
myaa, ngati msewu wa kumayadi ku Borrowdale.
Kenako ramunozi walowerera, unyolo wapindika,
ndipo pachigongono pomwepo paphuka nthambi,
arabinozi, galakitozi, tsitsi losapesa.
Mufakose weniweni ameneyu:
chipinda kuphukira pa chipinda,
mlamu, mdzukulu, loja, mwana wa loja.

Bambo anga a Chikakuda anabadwira konkuno,
kwa Ntcheu anangokumva m'kamwa mwa atate awo
amene anabwera kudzameta mipanda ya azungu.
Komabe chitupa chawo chinkati mlendo.
Anamwalira akufunsa kuti nthambi
imakhala zaka zingati isanatchedwe mtengo.

Bambo, onani pepalali.
Mukadula nthambizi, pekitini sakhalanso yemwe uja,
madzi sawagwira monga kale.
Ndipo maunyolo awiri osadziwana
amalumikizidwa ndi kashiamu wokhala pakati,
phee, ngati dzira mu thireyi.
Tsamba limaima chilili chifukwa cha zosaoneka zimenezi,
ulimbo wa pakati pa khoma ndi khoma
womwe womwa tiyi sauthokoza.

Folo koloko. Magetsi athimanso.
Firiji yasiya kung'ung'udza.
Ndamalizira kujambula nthambi yomaliza ndi tochi ya foni,
ndipo masamba a basela aja
ndawaviika m'kapu, m'madzi ofunda otsala mufulasiki.
Akuwawa pang'ono, mayi.
Kombi yoyamba ya ku Mufakose ikadali kutali.