Mizere Itatu ya Lukiya

Pulogalamu yoyeza madzi a Shire
analemba ndi anthu osadziwa kuthima kwa magetsi.
Kukangoti bii, iyo imaiwala zonse,
mtsinje n'kumakwera usiku popanda mboni.

Lukiya sanalembe kalata yodandaula.
Chitseko anachipeza chosakhoma,
eni ake atasiya mawu pakhomo:
lowani, chomwe chapindika muwongole.

Ndiye pakhonde la sitolo ya Che Twaibu ku M'baluku,
batire la njinga yamoto likufooka pansi pa benchi,
bandulo ya usiku ikutha ngati mchere wopempha,
anasoka mizere itatu
kuti makina azikumbukira pomwe mdima unawapeza.

Palibe anamulipira.
Mayi ake anafunsa: ndiye udya zikomoyo?
Funsolo likadali lendee, silinayankhidwe.

Lachinayi kunabwera uthenga
wochokera kudziko lomwe satha n'kulitchula komwe:
kwathunso amathima, mlongo,
dzulo tasamutsa mbuzi madzi asanafike.

Anawerenga kawiri,
napukuta fumbi pagalasi ndi nsonga ya mpango.
Kenako magetsi anapita.
Nambala ya mtsinje inakhala pomwepo,
ikudikira.